Kamphaka kakadali pa bere musakatenge, dikirani kaye

Chaka china titangomaliza kukolola makoswe anatisowetsa mtendere kunyumba, matumba a chimanga tinali titawasanja kuchipinda chosagona munthu nde usiku wonse kumangomveka kukukuta, m'mawa ukalowa kupeza thumba labooka kumunsi, gaga ali mbwee pansi. Mnzanga wina wa kutchalitchi atandiuza kuti mphaka wa kwawo waswa ana anayi sindinachedwe, ndinapita ndi katoni m'manja. Tianato tinali kuseri kwa khitchini pa chiguduli, make atagona chammbali tikuyamwa, ndipo kamene ndinasankha kanali kotuwa ka mizeremizere, maso akadali a buluu, kokwana m'dzanja limodzi. Anandiuza kuti kakwanitsa mwezi. Onse amene anali pamenepo ananena zomwe timanena tonse, "katengeni pompano achimwene kakadali kakang'ono kuti kazolowere pakhomo panu, kakakula kazidzathawa kubwerera kuno." Ine ndinaona kuti ndi nzeru ndithu.

Usiku woyamba kanalira mpaka kucha, kamawu kakang'ono kosalekeza kaja, kakuzungulira m'katoni kufunafuna bere. Ndinakaikira mkaka wa ng'ombe m'kambale, kanaviika mphuno n'kuyetsemula, kenako kananyambitako pang'ono ine n'kumati basi zayenda. Tsiku lachitatu kanayamba kutsegula m'mimba, kumatako konse kunanyowa, ubweya uli nyankhalala, ndipo unali mwezi wa July kukuzizira kwabasi. Ndikakagwira kanali zii ngati kagona pa simenti chonsecho kanali pa nsalu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa ndinakapeza katauma. Zinandiwawa ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawabe, chifukwa abale ake atatu amene anatsala ndi make onse anakula bwinobwino, kusiyana kunali kwakuti aka ndinakachotsa nthawi isanakwane.

Nde ndikufuna ndifotokoze bwinobwino zimene ndinadzaphunzira pambuyo pake pofunsa madokotala a ziweto komanso poweta amphaka zaka zotsatirazo, chifukwa ndikuona anthu ambiri akuchita zomwe ndinachita ine, ndipo akuchita ndi mtima wabwino. Kamphaka sikayenera kuchoka kwa make kasanakwane masabata 8, ndipo 8 ameneyo ndi malire otsikitsitsa amene simuyenera kudutsa zivute zitani. Nthawi yabwino ndi masabata 12, miyezi itatu imeneyo, ena odziwa za amphaka akumanena 14. Ife timaganiza kuti ntchito ya make ndi mkaka basi, kuti kamwana kakangoyamba kunyambita m'mbale make watha naye ntchito. Koma make ameneyu ndi bulangete la mwanayo, ndi chipatala chake, ndiye womuyeretsa, ndiponso ndi mphunzitsi wa ntchito yomwe ife tikukafunira mphakayo, yogwira makoswe.

Mimba ya mphaka imatenga masiku 63 mpaka 65, ndipo kamwana kamabadwa kolemera pafupifupi magalamu 100, kosaona, kosamva, makutu atapindika. Maso amatseguka pakati pa masiku 7 ndi 14, kuyenda kodzandiradzandira kumayamba cha m'sabata yachitatu. Chimene ambiri sitidziwa nchakuti masabata atatu kapena anayi oyambawo thupi lake silitha kudzitenthetsa lokha. Mphaka wamkulu thupi lake limakhala pa madigiri 38 mpaka 39 olo kunja kuzizire, koma kakhanda kamadalira kutentha kwa pamimba pa make ndi kwa abale ake, nchifukwa chake mukasuzumira mumapeza tianato taunjikana mulu umodzi mutu wa aka pamsana pa aka. Kakazizidwa m'mimba mumaima, chakudya sichigayika, kamasiya kuyamwa, kakasiya kuyamwa shuga amatsika m'thupi, shuga akatsika kamazizidwa moposa poyamba paja, zimangopotana choncho ndipo sizitenga masiku ambiri. Kanga kaja kanali kangotuluka kumene mu msinkhu umenewu, ine n'kukagoneka kokha m'katoni mwezi wa July.

China chomwe chinandidabwitsa nditamva koyamba, kamphaka kosakwana masabata atatu sikatha kukodza kapena kubiba kokha. Make amanyambita pamimba ndi kumatako akamaliza kuyamwitsa, kunyambitako ndi kumene kumapangitsa kuti kamwanako kadzithandize, ndipo make amameza zonsezo, pogona pamakhala pouma popanda fungo loitana agalu kapena nyerere. Lilime lomwelo lokhakhala lija ndi limene limachotsa nthata ndi litsiro pa ubweya. Munthu akatenga kamwana ka masabata awiri osadziwa zimenezi amangoona mimba ikufufuma kakulira, iye n'kumawonjezera mkaka poganiza kuti ndi njala.

Tsopano nkhani ya chitetezo cha m'thupi, apa mpofunika kumvetsetsa. Mwana wa mphaka amabadwa ndi chitetezo chochepa kwambiri chifukwa chambiri sichidutsa kuchoka kwa make akadali m'mimba, chimabwera mu mkaka woyamba wachikasu uja, ndipo matumbo a kamwanako amatha kuchilowetsa m'magazi pa tsiku loyamba lokha, likadutsa tsikulo njira imatsekeka. Chitetezo chobwerekachi chimakasunga kwa masabata angapo kenako chimayamba kutha pang'onopang'ono, cha pakati pa masabata 6 ndi 12, pomwe thupi la kamwanako lisanakhwime kupanga chake chokwanira. Ndiye taganizani, nthawi yomwe chitetezo chikutsika ndi yomweyo ife tikukanyamula, kukakweza minibasi, kukasinthira chakudya, kukafikitsa pakhomo pachilendo pomwe pali majeremusi omwe sikanakumanepo nawo, kali kokha kakulira. Mantha ndi nkhawa nazonso zimatsitsa chitetezo, ku nyama ngati mmene zilili kwa anthu. Matenda amene amapezerapo mwayi ndi chimfine cha amphaka chomwe maso amamatana ndi manthongo mphuno kutsekeka, ndi ena oopsa zedi amene madokotala amawatchula kuti panleukopenia, otsegula m'mimba ndi kusanzitsa, amene amatha kupululutsa tiana tonse pakhomo m'sabata imodzi.

Kuleka kuyamwa nakonso sikuchitika tsiku limodzi ayi. Mano oyamba amatuluka pa masabata awiri kapena atatu, akuthwa aja a m'mbali amabwera cha pa masabata anayi, ndipo pofika masabata 6 mpaka 8 mano onse aubwana 26 amakhala atakwana. Pa mwezi umodzi kamwana kamayamba kulawa chakudya cha make, koma kulawa chabe, mphamvu zake zambiri zikuchokerabe ku bere. Make yekha ndi amene amachepetsa, mukaonetsetsa muona kuti tiana tikamutsatira iye amadzuka n'kukakhala pamwamba pa mtondo kapena pa zenera, pena amagona chafufumimba kubisa mawere, pena kukankha ndi mwendo wakumbuyo, ndipo mimba ya kamwanako imazolowera nyama pang'onopang'ono pamene mkaka ukuchepa. Ambiri amamaliza pa masabata 8 mpaka 10, ena amapitirira kuyamwa mwa apo ndi apo kungofuna kukhazika mtima pansi.

Mkaka wa ng'ombe umene tonse timathamangira uja sulowa m'malo mwa wa make. Wa mphaka uli ndi zomanga thupi ndi mafuta ambiri kuposa wa ng'ombe, chifukwa kamphaka kamayenera kuchulukitsa kulemera kwake kawiri m'masiku 7 mpaka 10 oyamba, pomwe wa ng'ombe uli ndi shuga wa mumkaka uja amati lactose wochulukirapo, ndipo ndi ameneyu amatsegula m'mimba. Kanyama ka magalamu 400 kakatsegula m'mimba masiku awiri madzi amatha m'thupi. Mkaka wa ufa wothira mu tiyi ndiye usayerekeze n'komwe. Phala ndi nsima yofewetsa nazo zimangodzaza mimba, mphaka ndi nyama yodya nyama basi, thupi lake limafuna zinthu zina monga taurine zomwe zimapezeka mu nyama ndi nsomba zokha, zikasowa nthawi yaitali maso amachita khungu mtima n'kufooka. Kamene kayamba kudya kapatseni usipa kapena matemba oviika m'madzi kuchotsa mchere kenako kuwiritsa n'kusinja, nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda mafupa, dzira lowiritsa, ndi madzi akumwa pambali. Ndiwo zotsala za anyezi ndi adyo ayi, zimawononga magazi a mphaka.

Koma tibwere ku makoswe, poti ambirife nchifukwa chake timafuna mphaka, sikuti tizimugoneka pa sofa. Mphaka wachiwiri amene ndinaweta, amene ndinadikira mpaka miyezi itatu, nayenso anadzaswa, ndipo ndinakhala pansi kumuonerera mmene amaphunzitsira. Ana atakwana mwezi anayamba kubwera ndi mbewa yakufa, akulira kulira kwina kwake kwa pakhosi kosiyana ndi kwa masiku onse, tiana n'kuthamangira, iye n'kuidya tikuona. Patapita masiku ankaisiya kuti tidzikanganirana tokha. Kenako tsiku lina madzulo anabwera ndi yamoyo, anaiika pansi pakati pa tiana titatu n'kubwerera m'mbuyo kukakhala chete mchira ukugwedera kunsonga kokha. Mbewa inathawira ku mulu wa nkhuni, tiana tili kakasi, make anangodumpha kamodzi n'kuibweza pomwe paja. Anachita zimenezi kangapo mpaka kamodzi kakakazi kanaigwira pakhosi. Agogo anga amene anali nafe nthawi imeneyo anati, "mdzukulu wanga, usapatse munthu kamwana kameneka kasanadye mbewa ya make, kakapanda kutero kadzakhala ka m'khitchini kolira nsima."

Zimene ananena agogozo ofufuza anaziona kalekale. M'chaka cha 1930 katswiri wina wa ku China dzina lake Zing-Yang Kuo analera ana a mphaka m'magulu osiyanasiyana, ndipo amene ankakula akuona make akupha makoswe, oposa 8 pa 10 aliwonse nawonso anadzapha makoswe, pomwe amene analeredwa okhaokha osaonera kwa make amene anapha sanafike ndi theka lomwe. Sindikunena kuti mphaka wolekanitsidwa msanga sangagwire khoswe moyo wake wonse, magazi aulenje ali nawo, ena amadziphunzira okha mochedwa, koma mwamulanda sukulu yomwe imayamba pa masabata anayi n'kupitirira mpaka mwezi wachitatu. Komanso tangoganizani kamphaka ka mwezi umodzi ndi khoswe wamkulu wa m'ngalande uja, kulemera kwawo sikusiyana kwenikweni, khosweyo akhoza kukaluma. Mukatenga kakang'ono mudikirabe miyezi ingapo kasanakugwirireni kalikonse, ndiye bwanji osadikira miyeziyo kali kwa make komwe kakuphunzira. Ndipo ndinenerepo, zoti mphaka ukamudyetsa sagwira makoswe si zoona, mphaka wokhuta wamphamvu amasakabe chifukwa kusaka ndi chibadwa chake, wanjala ndi amene amayamba kuba nsomba pa thandala la aneba n'kukaphedwa komweko.

Sukulu ina ndi ya kusewera. Kuyambira mwezi umodzi mpaka cha pa masabata 12 tiana timalimbana tsiku lonse, kugwetsana, kulumana makutu, kuthamangitsana michira, munthu n'kumangoti masewera. M'masewera amenewo ndi momwe kamphaka kamaphunzirira kuti kuluma kumapweteka. Kakaluma mbale wake mopitirira uja amakuwa n'kusiya kusewera kapena kubwezera, make naye amakapatsa khofi wa dzanja zikhadabo atabisa, ndiye kamadziwa polekezera. Kamene kakulira kokha ndi anthu kalibe womuuza, zala zanu ndi zimene zimasanduka abale ake, poyamba mumaseka poti timano ndi tating'ono koma pa miyezi 6 mano akuluakulu 30 atatuluka kamaluma zenizeni, kamakanda ana miyendo, pakhomo n'kumati mphaka uyu ndi wolusa mutayeni. Ngakhale kukumba dothi n'kukwirira chimbudzi, kamakhala nako m'magazi inde koma kamakhazikika msanga poonera make komwe akupita.

Ku yunivesite ya Helsinki m'dziko la Finland anachita kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2017, anaona amphaka oweta 5,726, ndipo anapeza kuti amene anachotsedwa kwa make asanakwane masabata 8 ankakhala olusa kwambiri akakula, pomwe amene anakhala ndi make kupitirira masabata 14 sankalusira alendo kwenikweni komanso anali ochepa amene ankachita makhalidwe obwerezabwereza monga kudzinyambita mopitirira mpaka ubweya kusosoka. Khalidwe lina lomwe mwina munalionapo ndi loyamwa nsalu, mphaka wamkulu ndithu koma akafika pa bulangete kapena juzi amayamba kupondaponda ndi miyendo yakutsogolo ngati akukanya ufa wa mandasi uku akuyamwa nsaluyo mpaka kunyowa, ena amayamwa khutu la munthu kapena mchira wawo womwe. Kupondaponda kokhako amphaka ambiri amachita, ndi mmene ankakamira mkaka pa bere, koma kuyamwa nsalu kumaoneka kwambiri mwa olekanitsidwa msanga, ndipo kumaopsa akayamba kumeza ulusi chifukwa umatha kutseka matumbo.

Nanga zija zoti kazolowere pakhomo? Muli choonadi pang'ono m'menemo ndipo ndi chimene chimatisocheretsa. Kamphaka kamazolowera anthu pakati pa masabata awiri ndi 7, kakadutsa nthawi imeneyi kasanagwiridwepo ndi munthu kamakhala kamantha ngati vumbwe, kovuta kuweta. Koma kuzolowera anthu sikufuna kuti kachoke kwa make, kukungofuna kuti eni pakhomo pomwe kabadwirapo azikanyamula pang'ono tsiku lililonse ndi manja oyera, ana azikasisita mofatsa, kazimva mawu a anthu ndi phokoso la mapoto, kenako n'kukabweza pa chiguduli paja. Ngati mwasankha kale kanu muzipita kukakaona. Kamene kazolowera anthu choncho mukakatenga pa miyezi itatu sikavuta olo pang'ono, chofunika nchakuti masabata awiri kapena atatu oyamba mukasunge m'nyumba zitseko zotseka, chakudya pamalo amodzi nthawi yomweyomweyo, kabeseni ka mchenga pakona, ndipo mupemphe kansalu komwe kankagonapo ndi make kabwere nako kuti fungo likhale lodziwika. Amene amathawa kubwerera kwawo kawirikawiri ndi amphaka akuluakulu amene anali ndi dera lawo kale, kapena amene mwangofika nawo n'kuwamasula panja tsiku lomwelo.

Make nayenso tisamuiwale. Mukamulanda ana onse tsiku limodzi mkaka ukadali wambiri mawere amatupa n'kulimba, pena amatentha n'kuchita mafinya mpaka kufunika mankhwala, ndipo amazungulira pakhomo masiku angapo akuitana, kusuzumira paliponse pomwe anawabisapo. Komanso ana akachoka msanga sachedwa kufunanso mphongo, masabata ochepa chabe watenganso mimba thupi lisanabwerere, nkuona amphaka ambiri akazi m'makomomu ali owonda nthiti zokhazokha chaka chonse.

Chimene chimapangitsa kuti tiana tichoke msanga nthawi zambiri ndi chakudya, mwini wake akaona kuti pakamwa pachuluka amafuna tichoke tisanayambe kudya. Ndikumvetsa, zinthu zadula, koma ngati inu ndi amene mukufuna kamwanako mungathe kumapititsa kamulu ka usipa pa sabata kuti kakhalebe komweko, ndi zotchipa kuyerekeza ndi kukataya kakufa. Kwina komwe kuli vutoli ndi kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu m'matauni athuwa, atanyamula tiagalu ndi tiamphaka m'manja padzuwa, amadziwa kuti kakachepa ndi pomwe kamagwira mtima wa wodutsa pa galimoto, nde ukagula chifukwa cha chisoni mawa amabwera ndi tina tocheperapo. Ku England malamulo saloleza wochita malonda a ziweto kugulitsa kamphaka kosakwana masabata 8, ndipo kuyambira mu April 2020 anaikanso lamulo lotchedwa Lucy's Law loti kagalu kapena kamphaka kosakwana miyezi 6 musagule kwa wopikulitsa, mukatenge kwa mwini wake komwe kabadwira kapena kumalo osungirako nyama zosowa pokhala. Abale athu amene ali kumeneko akudziwa, amakuuza kuti uyambe waona make.

Wogulitsa aliyense amati "kakudya kale aka bwana", nde muzidziwa kuona nokha. Ngati kamchombo kouma kakadalipo sikanathe sabata. Maso otseka kapena ongotseguka pang'ono makutu ogwa, ndi masabata awiri kutsika pansi. Koyenda modzandira mimba ikukhudza pansi mchira uli njenjenje, atatu. Maso a buluu wotuwira uja amayamba kusintha kupita ku mtundu wake weniweni, wachikasu kapena wobiriwira, cha pa masabata 6 mpaka 7, ndiye ngati akadali a buluu ndipo si mtundu wa amphaka a maso a buluu ndi kale, sikanakwane. Sikelo ya kukhitchini imathandizanso, kamphaka kathanzi kamawonjezera magalamu pafupifupi 100 pa sabata, ka masabata 8 kamayandikira kilogalamu imodzi, kamathamanga, kukwera pampando, kudzinyambita kokha ndi kutafuna chakudya cholimba popanda vuto.

Palinso tiana tomwe timatolatola poganiza kuti tatayidwa, mwina kudenga, m'nkhokwe, m'nyumba yosamaliza kumanga. Musafulumire. Make amachoka maola angapo kukasaka, penanso amakhala akusamutsa ana mmodzimmodzi atanyamula pakhosi ndipo amene mwawapezawo akudikira ulendo wawo. Ngati tili toyera, tofunda, timimba tokhuta ndipo tagona phee, make alipo. Chokani pamenepo patali chifukwa sabwera inu mutaimirira pompo, mukhoza kuwaza ufa pang'ono mozungulira kuti mudzaone mapazi ake. Ngati papita maola ambiri, tazizira, tikulira mosalekeza, tili ndi litsiro kapena nyerere zayamba, kapena mwaona ndi maso kuti make wagundidwa ndi galimoto kapena wagwidwa ndi agalu, apo mpomwe mulowererepo.

Zikatero choyamba funsani m'mudzi kapena kwa aneba ngati pali mphaka wina woyamwitsa ana a msinkhu wofanana, ambiri amalandira mwana wa mnzawo makamaka mukamupaka fungo la pogona pawo, imeneyo ndiye njira yoposa zonse. Ikakanika ntchito yonse ya make yagwera inu ndipo si yamasewera. Yambani ndi kutenthetsa, musadyetse kamwana kozizira chifukwa chakudyacho sichigayika, kaikeni pachifuwa m'kati mwa malaya, kapena thirani madzi ofunda m'botolo n'kulikulunga ndi chitenje kuliika mbali imodzi ya katoni kuti kakatenthedwa kazitha kusuntha, osati pafupi ndi mbaula. Mkaka woyenera ndi wa ufa wopangira ana a mphaka umene umapezeka kwa madokotala a ziweto ndi mashopu ena a ziweto m'tauni, ku Lilongwe mukhoza kufunsa a bungwe losamalira nyama la LSPCA, ku Blantyre kulinso linzake la BSPCA. Ngati muli kutali, mkaka wa mbuzi wowiritsa n'kuuziziritsa wosakaniza ndi kachikasu ka dzira ungakasunge tsiku limodzi kapena awiri pamene mukufunafuna woyenerawo. Sabata yoyamba kamadya maola awiri aliwonse usiku womwe, mamililita 2 mpaka 6 basi pa nthawi imodzi, kakamakula mipata imatalikirako kufika maola anayi cha pa mwezi. Gwiritsani sirinji yopanda singano kapena kabotolo kake, dontho ndi dontho, kamwanako katagona chamimba ngati mmene kamayamwira kwa make. Musakagoneke chagada ngati khanda la munthu, mkaka umalowa m'mapapo kamadwala chibayo. Mukamaliza tengani thonje kapena kansalu kofewa koviika m'madzi ofunda, sisitani kumatako mpaka kakodze, nthawi iliyonse mpaka masabata atatu kapena anayi. Ndipo ngati tili tiwiri kapena titatu musatigawe, tizikulira limodzi mpaka masabata 12 omwe aja kuti sukulu ya kusewera ija isatayike nayo.

Pa mankhwala samalani kwambiri. Nthata zimayamwa magazi mpaka kamwana kuyera nkhama n'kufa, koma musathire dibi wa agalu kapena ng'ombe, kapena mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, ambiri muli permethrin ndi anzake omwe amapha amphaka, kamayamba kunjenjemera n'kukomoka. Kwa kakhanda ingogwiritsani chipeso cha mano othinana ndi zala zanu, n'kuchapa zogonera ndi madzi otentha. Panado musayerekeze, olo kachidutswa, paracetamol ndi poizoni kwa mphaka wa msinkhu uliwonse. Njoka za m'mimba ambiri amazitengera mu mkaka wa make ndipo mankhwala ake amayambika cha pa masabata atatu, koma mlingo wake akuuzeni a zachipatala cha ziweto malinga ndi kulemera. Katemera wa chimfine ndi panleukopenia amayamba pa masabata 8 kapena 9 n'kubwereza pa 12, wa chiwewe pa miyezi itatu, ndipo uyu musamunyalanyaze, chiwewe kuno kwathu chilipo ndipo mphaka naye amachitenga n'kupatsira anthu, alangizi a ziweto akamabaya katemera timangokoka agalu amphaka n'kuwasiya kunyumba.

Mukaona nkhani yonseyi imayambira pa kuswa kosalekeza, mphaka wamkazi amatha kutenga mimba ali ndi miyezi inayi kapena isanu yokha, n'kumaswa kawiri katatu pachaka, ndiye mwini wake amatopa n'kumangogawa tiana tili ndi maso a buluu. Kumutseketsa kwa dokotala wa ziweto ana akangoleka kuyamwa kumathetsa zimenezi, wamphongo naye amafulidwa, ndipo kugwira makoswe sasiya. Wanga uja ndinamutseketsa atangomaliza kulera ana ake atatu aja. Awiri ndinapatsa anthu atakwana masabata 13, aliyense ananyamuka ndi kachidutswa ka chiguduli chomwe anabadwirapo. Kakakazi kamene kanagwira mbewa pakhosi kaja ndinakasiya pakhomo, ndipo panopa ndi kamene kamagona pamwamba pa matumba a chimanga, make ali pakhomo la chipindacho.